Tisanasamukire ku Mars tiyambe taona ngati kulibe eni ake

Gulu lathu la pa WhatsApp, la ife amene tinaphunzira limodzi kuno ku Mulanje, masiku ano langosanduka bwalo la nkhani za ku Mars. Zinayamba pomwe mnzathu wina wa ku Joni anaponya kavidiyo ka Elon Musk akulankhula zoti anthu adzamanga mzinda kumeneko, nde basi aliyense ndi maganizo ake, wina akuti ndi bodza lenileni palibe chinthu chinafikako amangojambula mchipululu, wina akuti izi ndi zizindikiro za masiku otsiriza, wina akuti dziko lino latha kale bola kungosamuka. Ine ndinayesa kuyankha koma pagulu ukalemba zazitali anthu amangodumpha, nde ndati ndikhale pansi ndilembe pano bwinobwino, amene ali ndi bandulo awerenge.

Nkhani zakumwambazi ine ndimazikonda kwabasi, zimenezo ndisabise. Koma pali zinthu ziwiri zomwe anthu akuziphatikiza pomwe ndi zosiyana. China ndi kufufuza ngati kunjaku kuli zamoyo, china ndi kutenga pulaneti lina nkulikonza kuti anthu azikhalako. Choyambacho ndili nacho mbali imodzi ndi mtima wanga wonse. Chachiwirichi chimandidetsa nkhawa, chifukwa chikachitika mwaphuma chikhoza kuononga choyambacho mpaka kalekale.

Ndiyambe ndi aise amene akuti zonse ndi bodza. Achimwene, si America yokha imene inafikako. India inatumiza chombo chake Mangalyaan chomwe chinayamba kuzungulira Mars mu 2014, mu 2021 United Arab Emirates inafikitsa chake chotchedwa Hope, chaka chomwecho China inatsitsa kagalimoto kake Zhurong pansi penipeni. Maiko amenewa sagwirizana pa zinthu zambiri, China ndi America ndi anthu opikisana usiku ndi usana, ikanakhala sewero wina akanamuyalutsa mnzake kalekale. Galimoto ya NASA, bungwe la America loona zamumlengalenga, yotchedwa Curiosity yakhala ikuyenda kumeneko kuyambira Ogasiti 2012, inzake Perseverance inatera pa 18 Febuluwale 2021 itayenda pafupifupi miyezi 7, ndipo inanyamula kahelikopita kakang'ono Ingenuity komwe kanauluka maulendo 72 kasanathyoke phiko mu Januwale 2024. Nde zoti kumafikika, kumafikika ndithu. Koma ndi makina, munthu sanapondeko.

Tsono kumeneko kuli bwanji. Aliyense amene anakwerako Sapitwa akudziwa mmene phuma limavutira ukamayandikira pamwamba, umayenda pang'ono nkuima, mutu waa. Pamenepo ndi mamita 3,002 okha ndipo mpweya umakhala udakali pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya mpweya wa mmphepete mwa nyanja yamchere. Ku Mars mpweya sufika ngakhale 1 pa 100, ndipo kampweya kochepako pafupifupi 95 pa 100 ndi kaboni dayokisaidi, uja timatulutsa tikamapuma. Munthu utangotuluka panja opanda chovala chapadera ukomoka mmasekondi ochepa, malovu mkamwa amayamba kubwata chifukwa palibe mpweya wowapanikiza. Kuzizira nde musanene, ife chiperoni chikabwera mu Juni timadandaula tili pamoto, kumeneko kawirikawiri kumakhala madigiri 60 pansi pa ziro. Chinthu chimodzi chofanana ndi kuno ndi kutalika kwa tsiku, ndi maola 24 ndi mphindi zoposa 30 pang'ono, koma chaka chake ndi masiku 687, ndipo mphamvu yokokera zinthu pansi ndi 38 pa 100 ya kuno, moti palibe amene anayesapo kuona ngati mwana angabadwe nkukula bwino mafupa ake mmalo otero.

Amene amalota zolikonza pulanetili maganizo awo amayenda chonchi. Amati tilitenthetse, madzi oundana amene ali kunsonga zake ziwiri asungunuke, kaboni dayokisaidi amene anaundana pamenepo akwere mmwamba, mpweya ukhuthale nkumasunga kutentha, kenako madzi ayambe kuyenda, tidzale ndere ndi zomera, zomerazo zipange okosijeni, mapeto ake munthu aziyenda opanda chigoba kumutu. Musk mu 2015 ananena pa TV kuti njira yachangu ndi kuphulitsa mabomba a nyukiliya pamwamba pa nsongazo. Maganizo otere si achilendo ayi, katswiri wa zamumlengalenga Carl Sagan mu 1961 analemba zoti mwina Venus, Nthanda yathu ija timaiona mbandakucha, ingakonzedwe pomwaza tizomera tating'onoting'ono mmitambo yake, kenako zinadziwika kuti pansi pake pamatentha madigiri oposa 460 ndipo mpweya wake ndi wolemera kuposa wa kuno maulendo 90, maganizowo anathera pomwepo.

Ku Mars nako masamu anakana. Mu 2018 akatswiri awiri, Bruce Jakosky ndi Christopher Edwards, anawerengetsa kaboni dayokisaidi yense amene angapezeke kumeneko, wa mmadzi oundana, wa mfumbi, wa mmiyala yosakuya kwambiri. Anapeza kuti kusungunula nsonga ziwiri zija kungangochulukitsa mpweya kawiri, kuchoka pa 0.6 kufika pa 1.2 pa 100 ya wa kuno, ndipo ngakhale mutakumba nkuwotcha zonse zimene mungazifikire mungafike pafupifupi 7 pa 100 basi. Mpweya wambiri umene Mars anali nawo kale unathawira mumlengalenga ndipo subwerera. Chifukwa chake nchakuti dziko lathuli lili ndi mphamvu ya maginito yochokera mkati mwake mwenimweni yomwe imatchinga mphepo yochokera kudzuwa, pomwe Mars mphamvu imeneyi inazima zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo, ndipo chombo cha MAVEN chimene chinafika mu 2014 chinayeza ndithu mmene mpweya ukupitirizira kukokoloka mpaka pano. Kusowa kwa chitetezo chimenechi kukutanthauzanso kuti cheza choopsa cha mumlengalenga chimafika pansi, nchifukwa chake amene amajambula nyumba za kumeneko moona mtima amazijambula zokwiriridwa pansi pa nthaka, osati zija zamagalasi zowala timaziona mmavidiyo.

Pali kamakina kena kotchedwa MOXIE komwe kanali mkati mwa Perseverance, ntchito yake kuphwanya kaboni dayokisaidi nkutulutsa okosijeni. Kanagwira ntchito, ndipo ine ndinasangalala nako kwambiri chifukwa kanali koyamba kupanga mpweya wopuma pa pulaneti lina. Koma pa maulendo 16 amene kanayatsidwa mpaka 2023 kanapanga magalamu 122, osakwana kuti munthu mmodzi apume ngakhale theka la tsiku. Kupangira anthu ochepa okhala mnyumba yotsekedwa, zimenezo mwina zidzatheka tikadali moyo. Kudzadza pulaneti lonse ndi nkhani ina. Kuno kwathu okosijeni anayamba kuchuluka zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo, opanga ake anali tizilombo tobiriwira ta mmadzi, ndipo panadutsa zaka mamiliyoni osawerengeka asanakwane kuti nyama zizipuma.

Apa ndipomwe ndikufuna ndikambe za ntchito imene ndimaidziwa ndi manja angawa. Ndakhala ndikuthandiza pa nazale ya mmudzi mwathu pomwe timafesa mkungudza, umene ambiri kuno timangoti sida. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha padziko lonse, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma macheka ndi moto zinaumaliza moti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Nde ntchito ilipo ndi yobwezeretsa. Njere zake ndi tating'ono, topepuka, tokhala ndi timapiko, ukayetsemula pafupi timauluka. Timasefa dothi, kusakaniza ndi mchenga, kuthira mmachubu mmodzimmodzi mpaka msana kuwawa, kuthirira ndi keni mmawa dzuwa lisanakwere, kumanga kamthunzi ka udzu, kuzula tiudzu tomera mmachubumo ndi zala. Njere zina sizimera nkomwe, zina zimamera nkufota pakhosi zikadali ngati singano. Zikakula kufika poti zingawokedwe nde ntchito yeniyeni imayamba, amayi ndi anyamata kusenza mbande pamutu kukwera nazo njira ya ku Likhubula, maola angapo mvula ikugwa miyala ikuterera, chifukwa sida amafuna kumtunda kozizira, kumunsi kuno sakondwa. Mukawoka mumatsika mitima ili mmalo. Kenako Seputembala ndi Okutobala amabwera, wina wosaka nyama kapena wootcha makala wayatsa moto, mukakwera kukaona mumapeza timitengo takuda tili njo, ntchito ya chaka chonse yapsa tsiku limodzi. Zina moto suzifika koma zimangouma zokha, kusowa mthunzi wa mitengo ina imene kale inkaziteteza zikadali zazing'ono.

Taganizani, uwu ndi mtengo umodzi, tikuubwezera paphiri lake lomwe, pomwe mvula ilipo yambiri, mpweya ulipo, dzuwa labwino, dothi lake lomwe unazolowera kuyambira makedzana, koma tikuvutika chonchi. Nde wina akandiuza kuti tikadzala nkhalango ku Mars ine ndimangoona machubu aja.

Ndipo chimene nazale inandiphunzitsa kwambiri ndi dothi. Dothi lakuda la pansi pa mitengo ukalitapa mmanja limanunkhira, muli nyongolotsi, muli timizu toyera ta bowa, muli masamba owola, muli tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri. Ku Mars kulibe dothi lotero, kuli fumbi la miyala yoperesedwa, lofiira chifukwa cha dzimbiri, ndipo mu 2008 chombo cha Phoenix chinapezamo mchere wina wotchedwa perchlorate umene umasokoneza chithokomiro cha munthu. Ku Wageningen ku Netherlands akatswiri anakwanitsa kumeretsa tomato, nsawawa ndi mbewu zina mdothi lopanga lofanana ndi la ku Mars, koma anachita kuthiramo manyowa a kuno, mnyumba yofunda yokhala ndi mpweya wa kuno, ndipo dothilo linalibe poizoni uja.

Anayesaponso kutseka anthu mkadziko kopanga kuno komwe. Ku Arizona anamanga chinyumba chachikulu chagalasi chotchedwa Biosphere 2, mkati muli kankhalango, kanyanja, minda, mbuzi ndi nkhuku, ndipo mu 1991 anthu 8 analowamo kuti akhale zaka ziwiri osalandira kanthu kuchokera kunja. Njala inawavuta, tizilombo tambiri tonyamula mungu tinafa, nyerere ndi mphemvu nkuchulukana, ndipo okosijeni anatsika kuchoka pa 21 kufika pafupifupi 14 pa 100 mpaka anachita kupopera wina kuchokera kunja. Chimene chinachitika nchoti tizilombo ta mdothi lawo lachonde tinkadya okosijeni, ndipo kaboni dayokisaidi amene tinkatulutsa, mmalo mopita ku zomera, ankamwedwa ndi konkire ya nyumbayo. Konkire. Palibe anaiganizira. Iwowo anali ndi chitseko choti zikavuta atsegule, ku Mars kuseri kwa chitseko kuli imfa.

Kwa mnzanga amene akuti dziko lino latha, ndikumumvetsa ndipo sindikumuseka. Tonse tinaona Freddy mu Malichi 2023, tinaona phiri likutsika ndi miyala ikuluikulu kuposa nyumba, midzi ya ku Muloza ndi ku Phalombe ikukwiririka, anthu oposa 1,000 mdziko muno anamwalira kapena kusowa, ndipo akuluakulu anakumbukira Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Munthu amene anafukula mbale wake mmatope ali ndi chifukwa chonenera kuti dziko latitembenukira. Komabe tsiku loipitsitsa lija tinkapuma, madzi a mvula ankamweka, patapita milungu yochepa udzu unamera pamatope pomwepo. Ku Mars tsiku labwino kwambiri silingakupatse chimodzi mwa zimenezi. Komanso tinene zoona, chombo chosamukira chikadzakhalapo mipando yake sidzafika kwa wothyola tiyi wa ku Mulanje kapena ku Thyolo, nde kwa ife nkhani yothawa si yankho.

Tsono ndibwere ku mbali imene imandisowetsa tulo chifukwa cha chimwemwe, yofufuza zamoyo.

Mars sanali chonchi nthawi zonse. Pomwe Perseverance inatera, pachigwa cha Jezero, panali nyanja zaka zoposa 3.5 biliyoni zapitazo, mpaka pano zithunzi zikuonetsa bwinobwino pomwe mtsinje unkathira mnyanjamo nkusiya mchenga wake. Nthawi imeneyo nkuti kuno moyo utayamba kale. Nde funso ndi losavuta kulimva, ngati malo awiri oyandikana onse anali ndi madzi ndi kutentha, bwanji moyo uyambe kumodzi kokha? Kufufuza kunayamba mu 1976 pomwe zombo ziwiri za Viking zinatera nkutapa fumbi, kulithira timadzi ta chakudya kuti aone ngati muli chinthu chodya. Kuyesa kumodzi kunaonetsa ngati muli kanthu, makina ena nkulephera kupeza zotsalira za zamoyo, ambiri anagamula kuti kulibe, koma Gilbert Levin amene anakonza kuyesako anakakamira mpaka imfa yake kuti anapeza moyo. Perchlorate uja atapezeka mu 2008 nkhani inadzukanso, chifukwa mchere umenewu ukautenthetsa umaotcha zinthu zomwezo zimene makinawo ankafuna, nde mwina Viking inaononga umboni poufufuza. Mu 1996 kunabweranso phokoso la mwala wochokera ku Mars wotchedwa ALH84001 umene unatoledwa ku Antarctica, anati muli timaonekedwe ta tizilombo, mpaka Bill Clinton analankhulapo, koma pambuyo pake akatswiri ena anaonetsa kuti timaonekedwe totero tingapangike popanda moyo.

Ine chimene chimandikopa ndi chimenechi, anthu awa akapeza kanthu anzawo amakathira mafunso mpaka katsale koona kokhakokha. Mu Julayi 2024 Perseverance inapeza mwala umene anautcha Cheyava Falls, uli ndi timadontho ngati ta kambuku, ndipo mu Seputembala 2025 NASA inalengeza kuti mtimadonthomo muli miyala ya mtundu wa vivianite ndi greigite, imene kuno kawirikawiri imapangika pomwe tizilombo takhala tikudya mmatope. Sananene kuti apeza moyo, anati ndi chizindikiro chimene chingakhale cha moyo, ndipo kuti atsimikize pafunika mwalawo ufike mmalabu a kuno. Galimotoyo inaboola kachidutswa nkukatsekera mkachubu, pali timachubu tambiri totere tikudikira, koma pulani yokatitenga inakwera mtengo mpaka kufika cha mma 11 biliyoni dola ndipo yakhala ikugwedezeka. Zimandipweteka kuti yankho la funso lalikulu chonchi mwina lili kale mkachubu, langosowa wokalitenga.

Ndipo mwina si zakufa zokha. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ankatiuza za kutentha kwa pansi, mmene thukuta linkadzadzira mjombo. Mmigodi ya golide yomweyo, pa Mponeng, pamtunda wa makilomita 2.8 kupita pansi, akatswiri anapeza bakiteriya wotchedwa Desulforudis audaxviator amene amakhala mmadzi a mming'alu ya miyala, sanaonepo dzuwa, safuna okosijeni, chakudya chake chimachokera ku mphamvu ya uranium imene imaphwanya madzi mmiyalamo. Ngati chamoyo chingakhale motero pansi pa South Africa, nchiyani chingaletse china kukhala pansi pa Mars, kumene cheza sichifika ndipo kuli kofundirako? Pamwamba pakhoza kukhala pouma pakufa koma pansi pali eni ake, amene akhala kumeneko zaka mabiliyoni.

Apa ndipomwe nkhawa yanga ili. Thupi la munthu mmodzi limanyamula mabakiteriya mathililiyoni, pakhungu, mkamwa, mmatumbo. Makina amatha kuwatsuka nkuwaotcha asananyamuke, zombo za Viking anachita kuziphika mu uvuni, koma munthu simungamuphike. Tsiku limene anthu adzatere kumeneko ndi zimbudzi zawo, zinyalala zawo, nkuyamba kuboola pansi kufuna madzi, tizilombo ta kuno tidzalowa. Kenako tikadzapeza kanthu sitidzadziwanso ngati ndi ka kumeneko kapena tinabwera nako tokha, ndipo choopsa kwambiri, ta kuno tikhoza kupha ta kumeneko tisanatione nkomwe. Nanga kuphulitsa mabomba ndi kusungunula madzi oundana, pamalo pomwe mwina ndi pomwe pabisala zamoyozo? Pangano la maiko la 1967 lokhudza zamumlengalenga limanena kuti maiko apewe kuipitsa mapulaneti ena ndi miyezi yake, ndipo akatswiri amalitsata ndithu. Chombo cha Cassini chitatsala pang'ono kutha mafuta, pa 15 Seputembala 2017 anachigwetsera dala mu Saturn kuti chipse, kuopa kuti tsiku lina chingadzagwere pa kamwezi kozungulira Saturn kotchedwa Enceladus nkukaipitsa. Chombo cha Galileo nacho anachiponya mu Jupiter mu 2003 pofuna kuteteza mwezi wake wotchedwa Europa. Anthu anataya makina a ndalama zankhaninkhani chifukwa cholemekeza tizilombo timene sakudziwa ngati tilipo. Ulemu umenewo ndi umene ndikufuna usatayike pomwe makampani ayamba kuthamangitsana.

Miyezi iwiri ndatchulayi ndi yodabwitsa payokha. Enceladus ndi kakang'ono, makilomita 500 okha kupingasa, koma mu 2005 Cassini inaona madzi akufwamphuka mming'alu ya kumwera kwake, inadutsa mmadzimo nkulawa, inapeza mchere, haidrojeni, ndipo mu 2023 zinalengezedwa kuti mulinso fosifolasi, yemweyu timamudziwa mfeteleza wokulitsa. Europa, mwezi wa Jupiter, pansi pa chikhungwa chake cha madzi oundana akuti pali nyanja ya madzi ochuluka kuwirikiza kawiri nyanja zonse za dziko lino. Chombo cha Europa Clipper chinanyamuka pa 14 Okutobala 2024 ndipo chikuyembekezeka kufika mu 2030. Kumeneku palibe akulota zokamanga mzinda, nde kufufuza kwake kukuyenda mwaulemu.

Za nyenyezi zina ndingodutsa mwachangu. Pulaneti loyamba lozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu linapezeka mu 1995, analipeza Michel Mayor ndi Didier Queloz, pano opezeka adutsa 6,000. Nyenyezi ya TRAPPIST-1 yokha ili ndi mapulaneti 7 amiyala. Koma kutalika kwake nkosaneneka, nyenyezi yapafupi kwambiri Proxima Centauri kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno, ndipo chombo cha Voyager 1 chimene chikuthamanga makilomita 17 pa sekondi chingatenge zaka zoposa 70,000 kuyenda mtunda wotero. Kumeneko nde kosamukira iwalani, tingathe kungoyang'ana ndi kumvetsera. Kumvetserako, koti mwina kwina kuli zamoyo zotumiza mauthenga pa wailesi, kunayamba ndi katswiri wina Frank Drake mu 1960, ndipo pa 15 Ogasiti 1977 chimlongoti cha ku Ohio chinagwira chizindikiro champhamvu kwa masekondi 72 chomwe sichinabwerenso. Lero ena mwa makutu akuluakulu a dziko ali mu Africa muno, madishi 64 a MeerKAT mchipululu cha Karoo ku South Africa, ndipo ndimalakalaka mwana wina wa ku Chitakale kapena ku Luchenza atadzagwirako ntchito kumeneko.

Pali kanthu kena komwe ambiri sadziwa. Zombo ziwiri za Voyager zimene zinanyamuka mu 1977 zinanyamula chimbale chokutidwa ndi golide, chokhala ndi moni mzilankhulo 55, ndipo chimodzi mwa izo ndi Chinyanja, munthu akufunsa anthu akumwambako kuti muli bwanji. Kalankhulidwe kake kakumveka ka ku Zambia koma ukamvera umamva ndithu. Voyager 1 pano ili pamtunda woposa makilomita 24 biliyoni, ndiye chinthu chopangidwa ndi anthu chimene chili kutali kuposa china chilichonse, ndipo chilankhulo chathu chili mmenemo. Nde tisamati nkhanizi ndi za azungu okha.

Amalume anga, amene ndi mkulu wa mpingo, nditawafotokozera zonsezi tili pakhonde anandimvetsera mpaka kumapeto kenako anati, "Mphwanga, nanga zikapezeka zamoyozo, chikhulupiriro chathu chikhala pati?" Ndinati, "Amalume, inu mumatiphunzitsa kuti zonse zooneka ndi zosaoneka zili ndi mwini wake, nde kachilombo ka pansi pa Mars kakhala bwanji kunja kwa zimenezo?" Ndinawauzanso kuti mpingo wa Katolika uli ndi malo akeake oonera nyenyezi, ndipo mu 2008 wansembe amene ankawatsogolera, José Gabriel Funes, ananena poyera kuti kukhulupirira zoti kwina kungakhale zamoyo sikutsutsana ndi kukhulupirira Mulungu. Amalume anakhala chete pang'ono nkunena kuti, "Ngati zili zolengedwa, ndiye asakazipondereze." Sanawerengepo za pangano la 1967 koma anafika pomwepo.

Sindikunena kuti munthu asadzapondeko ku Mars mpaka muyaya. Ndikunena za ndondomeko, chiyambe nchiyani. Atumize makina ambiri, abweretse timachubu tija, aboole pansi, ayeze malo onse amene akuganiziridwa kuti kuli madzi, zitenge zaka 50 kapena 100 palibe chikutithamangitsa. Zikadzatsimikizika kuti ndi miyala yokhayokha, pamenepo tidzakambirane za nyumba ndi minda. Zikapezeka kuti kuli kanthu, ngakhale kachilombo kamodzi, ndiye kofunika kukaphunzira kaye, chifukwa ngati kanayamba pakokha mosadalira moyo wa kuno zidzatanthauza kuti moyo unayamba kawiri pafupi ndi dzuwa limodzi, ndipo mapulaneti 6,000 aja tidzayamba kuwaona mosiyana.

Makina amene ndikuwadikira kwambiri ine ndi galimoto ya a ku Ulaya yotchedwa Rosalind Franklin. Inayenera kunyamuka mu 2022 ndi roketi ya Russia, nkhondo ya ku Ukraine inasokoneza, pano akukonza zoti inyamuke mu 2028. Curiosity ndi Perseverance zimangoboola masentimita ochepa, pamwamba pomwe cheza chaotcha kale chilichonse, koma iyi ili ndi chiboolero chofika mamita awiri, ndipo malo amene anaisankhira, Oxia Planum, ndi a dongo lakalekale lomwe limasunga bwino zotsalira za zamoyo. China nayo ikukonza ulendo wake wa Tianwen-3 woti ukatenge miyala nkubwera nayo kuno, nawonso akuti unyamuka cha mu 2028, moti zikhoza kutheka kuti miyala yoyamba ya ku Mars yochita kukatengedwa idzafikira ku China osati ku America. Kwa ine aliyense abweretse, bola akadzaitsegula zotsatira zake adzazionetse kwa tonse.